Tchaja Yokwana M'thumba

Ntchito yanga yolemba nkhani za alimi imandiyendetsa pa kabaza kuchokera kwathu ku Kasiya kupita ku Nsaru, Kabudula mpaka ku Nambuma. Laputopu ndimaibereka kumsana ngati mwana, koma tchaja imene inabwera nayo inali yolemera ngati njerwa, chingwe chake chokwana kumangira mbuzi.

Nditapita ku Lilongwe kukafuna ina, ogulitsa ankangoyamikira kuchepa kwa katundu wawo. Ine ndinkatembenuza tchaja iliyonse n'kuwerenga tizilembo ta kunsi, poti tizilembo sitinama. Laputopu yanga imafuna mphamvu ya 65W. Tchaja ya foni ya 20W imalowa bwinobwino pa kabowo ka USB-C, koma batire limatsikabe ukamagwira ntchito. Mano akenso ndi nkhani ina. Masoketi athu ndi a mano atatu amakona, monga a ku Britain, pamene matchaja ochokera ku Joni amabwera ndi mano ozungulira. Ena ndi a mano awiri, ofuna kutokosa soketi ndi kamtengo. Zimenezo ayi ndithu.

Ndinasankha ya 65W, yokwana m'thumba la malaya, ya mabowo awiri. Mabowowo ndiwo anandikopa. Kwathu magetsi akazima timathamangira kwa ometa tsitsi amene ali ndi sola, ndipo kumeneko amakupatsa soketi imodzi basi, nayonso mwamwayi. Pa soketi imodziyo laputopu ndi foni zimayamwira limodzi, ngakhale kuti mphamvu ikagawikana laputopu imachedwerapo kudzaza. Pamenepo ndimangometetsa tsitsi podikira.