Penshoni iyambe imvi zisanatuluke

Bambo anga adagwira ntchito yophika pamalo ena ogona alendo ku Senga Bay kwa zaka 26. Atapuma mu 2009 adabwera kunyumba ndi njinga yakapalasa, kalata yowathokoza ndi envulopu ya ndalama zomwe sizidafike ngakhale dzinja lachiwiri. Lero ali ndi matenda a shuga, ndipo mankhwala akasowa kuchipatala amandiimbira foni. Sapempha mwachindunji. Amangoti, "Aphunzitsi, mwadzuka bwanji uko?" Ine ndimadziwiratu kuti botolo latha.

Sindidandaula kuwathandiza, ndi bambo anga. Chimene chimandisowetsa tulo n'choti munthu amene adadyetsa alendo ochokera maiko osiyanasiyana kwa zaka zonsezo lero amachita manyazi kupempha mwana wake ndalama ya sopo. Ndili ndi zaka 35 ndipo ndimaphunzitsa masamu pa sekondale ina yoyendera m'mbali mwa nyanja kuno ku Salima. Ndikawaona ndimadzifunsa kuti ine ndidzaimbira ndani.

Bambo adapuma lamulo lokakamiza penshoni lisanabwere. Lamulolo lidayamba kugwira ntchito mu 2011, ndipo limati wolemba ntchito aziika ndalama zosachepera 10 peresenti ya malipiro a wantchito, wantchitoyo n'kuikapo 5 peresenti. Ine ndidayamba ntchito lamuloli lilipo kale, koma ndidapusabe.

Nditamaliza dipuloma yanga ku Domasi ndidaphunzitsa zaka zitatu pa sukulu ina yomwe si yaboma. Mwezi uliwonse pakapepala ka malipiro pamalembedwa kuti andidula 5 peresenti ya penshoni. Sindidafunsepo kuti ndalamazo zikupita ku kampani iti, nambala yanga ya umembala ndi iti, ngakhale kupempha sitetimenti. Ndinkaona ngati kufunsa n'kuderera abwana, komanso ntchito inali yosowa. Nditachoka n'kuyamba kulondola, ndidapeza kuti dzina langa silidalembetsedwe kulikonse. Ankadula, koma ndalamazo zinkathera pomwepo. Sukuluyo idatsekedwa, mwini wake adasamuka, zaka zitatu zanga zidapita ngati madzi otayika.

Boma litandilemba ntchito ndidalowa m'thumba la Public Service Pension Trust Fund, limene lidakhazikitsidwa mu 2017 kuti ogwira ntchito m'boma achinyamata azisonkha nawo penshoni yawo. Kumeneko munthu susankha, umangolowa. Koma nditakhala pansi ndi cholembera, monga mphunzitsi wa masamu, ndidaona kuti 15 peresenti ya malipiro a mphunzitsi wa dipuloma si ndalama yoti munthu n'kugonera. Ndidayamba kuganiza zotsegula thumba lachiwiri, langalanga. Lamulo latsopano la penshoni la 2023 lidatsegula khomo loti munthu azisunga penshoni mwakufuna kwake, kaya ali pantchito kaya ndi wabizinesi, msodzi kapena mlimi.

Nditazinena mu stafu, anzanga adandiseka. Wina adati, "Achimwene, kwacha yomweyi? Mwaiwala za Novembala?" Sankanama. Mu Meyi 2022 ndalama yathu idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Tonse tidaona mitengo ya shuga, feteleza ndi mafuta ophikira ikuthawa malipiro athu. Iwo adati kuli bwino kugula mbuzi, puloti kapena kuthira ndalama m'boti la usipa.

Zonsezo ndidaziyesapo. Ndidali ndi mbuzi 7. Ziwiri zidapita pamaliro a azakhali, zitatu zidalipira fizi ya mlongo wanga, imodzi idabedwa. Mkazi wanga ali mu banki m'khonde, ndipo imatithandiza kwambiri, koma amagawana mu Disembala ndipo pofika Febuluwale ndalamazo zalowa mu feteleza ndi yunifolomu. Za boti ndiye musanene: mwera ukaomba mu Juni ndi Julayi asodzi amakhala padoko masiku angapo, injini ikufuna mafuta, ukonde ukufuna kusoka. Vuto si mbuzi kapena boti. Vuto ndi loti chilichonse chimene dzanja langa lingathe kuchifikira, mavuto a pamudzi amachifikiranso.

Ife a ku Salima nzeru imeneyi tili nayo kale. Pachilumba cha Mbenje, kwa Senior Chief Makanjira, usodzi umatsekedwa mu Disembala mpaka Epulo, ndipo mwambowu wakhalapo kuyambira zaka za m'ma 1950. Miyezi imeneyo ndi ya njala, nsomba zili pomwepo, koma palibe woponya ukonde. Chikatsegulidwa, utaka umapezeka wochuluka. Penshoni ubwino wake ndi womwewo: ndi yotseka, sungaitenge chifukwa choti kwagwa zovuta Lachiwiri.

Patchuthi ndidakwera minibasi pa Kamuzu Road kupita ku Lilongwe. Makampani oyendetsa penshoni alipo angapo, monga Old Mutual, NICO Pension ndi NBM Pensions. Sindikuuzani amene ndidasankha, chifukwa sindine wotsatsa malonda awo. Ndikuuzani mafunso amene ndidalemba m'kope la homuweki ndisanalowe muofesi iliyonse.

Loyamba: kodi muli ndi chiphaso chochokera kwa Registrar of Financial Institutions? Ameneyu ndi gavanala wa Reserve Bank of Malawi, ndipo ndiye amayang'anira makampani a penshoni ndi inshulansi, komanso kumva madandaulo a anthu. Amene alibe chiphaso, ngakhale alonjeze phindu lotani, musamupatse ngakhale K1.

Lachiwiri: pa K1,000 iliyonse imene ndaika, inu mumatengapo zingati? Ndalama zoyendetsera thumba zimaoneka zochepa pamwezi, koma pa zaka 25 zimakhala mulu. Ndidapempha kuti andilembere papepala.

Lachitatu: ndalamazi mumazigwiritsa ntchito yanji, ndipo zaka zisanu zapitazi zabereka bwanji poyerekeza ndi kukwera mitengo kwa zinthu? Mathumba a penshoni amagula masheya pa Malawi Stock Exchange, amabwereketsa boma, amamanga nyumba zochititsa lendi. Chaka china phindu limaposa kukwera kwa mitengo, chaka china limachepera. Amene angakuuzeni kuti phindu n'lotsimikizika chaka chilichonse akukunamizani.

Lachinayi lidali la munthu wakumudzi: kodi ndingathe kulipira ndili kwathu, kudzera ku banki kapena pafoni, ndipo sitetimenti izindipeza bwanji? Thiransipoti yopita ku Lilongwe ndi kubwerera ikhoza kudya chopereka cha mwezi wonse. Ndidafunsanso chimene chimachitika ndikalephera kulipira mwezi wina, komanso nthawi imene ndingayambe kutapa.

Pomaliza adandipatsa fomu yolembapo anthu odzalandira ndalamazo ine nditamwalira. Dzanja lidanjenjemera. Kwathu kulemba zotere ena amati n'kudziitanira imfa. Koma ndaonapo amayi amasiye akulandidwa ndi mipando yomwe, mtembo usanazizire. Ndidalemba mkazi wanga ndi ana athu awiri, aliyense ndi gawo lake, ndipo nditafika kunyumba ndidamuonetsa pamene ndasunga kope lake.

Ndimaika K15,000 pamwezi, ndipo imachoka tsiku lomwe malipiro alowa, ndisanaione. Pachaka ndi K180,000. Pofika zaka 60 idzakhala K4,500,000 osawerengera phindu. Ndikudziwa kuti pofika nthawiyo ndalama imeneyi sidzagula zimene ingagule lero, n'chifukwa chake ndidalonjeza kuti malipiro akakwera, chopereka chikwerenso. Mbuzi sindidasiye, panopa zilipo zinayi. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Kwa achinyamata amene mwangoyamba ntchito m'malo ogona alendo, m'masitolo ndi m'sukulu: sabata ino funsani abwana anu dzina la kampani imene ikusunga penshoni yanu ndi nambala yanu ya umembala, kenako muimbire kampaniyo mumve ngati ndalama zikufikadi. Ndi ufulu wanu, si chipongwe. Ine ndidachita manyazi ndipo adandidya zaka zitatu.

Nditawafotokozera bambo zonsezi adakhala chete nthawi yaitali, akuyang'ana kunyanja. Kenako adati, "Mwanawe, ukamuuzenso mng'ono wako." Mng'ono wangayo ali ndi zaka 24, ndipo wayamba kumene ntchito yoperekera zakudya ku Senga Bay. Loweruka likubwerali ndikupita kukamuona, kope lija lili m'thumba.