Mphika wa ku Katlehong

Munthu wotsika ndege pabwalo la O.R. Tambo amati wafika ku Joni, koma kwenikweni waponda nthaka ya Ekurhuleni, dzina la Chitsonga lotanthauza malo a mtendere. Ndi dera la mafakitale ndi milu yachikasu ya dothi la m'migodi ya golide, mmene ankalowa agogo athu a Wenela. Ine ndinapita ku Katlehong, kum'mwera kwa Germiston, m'mwezi wozizira wa Juni, kukaona amayi a mpingo wina amene amaphikira ana ndi okalamba masiku atatu pa sabata.

Woyang'anira khitchini yawo ndi mayi wa kwathu ku Mangochi. Ndisanamalize malonje, anandilozera chidebe cha mpopi ndi sopo pakhomo. "Achimwene, muyambe mwasamba m'manja. Ngakhale abusa amayambira pomwepo."

Kukhwimitsa malamuloku kuli ndi mbiri yake. Mu Meyi 2008, pamene chipolowe chothamangitsa alendo chinapha anthu 62 m'dzikolo, Ekurhuleni anali m'gulu la madera amene zinthu zinavuta koposa. Mayiwa anathawira m'holo ina ndi mwana wa zaka ziwiri. Anthu achifundo ankabwera ndi mapoto a mpunga ndi nyama zophikidwa m'mamawa kunyumba zakutali, zofika masana zili zofundira. Tsiku lachinayi mwanayo anayamba kutsegula m'mimba. Anachira, koma mayi ake sanaiwale. "Kumsika ukhoza kununkhiza n'kubweza," anatero. "Pamzere wa chaulere ungafunse ndani kuti zaphikidwa liti? Umangoti zikomo."

Mdani wawo wamkulu, kunena kwa iwo, ndi nthawi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chophikaphika chisakhale panja kupitirira maola awiri: chikhale chotentha kuposa madigiri 60, kapena chozizira kuchepera madigiri 5. Pakati pa malire awiriwa tizilombo timaswana msanga, makamaka mumphika waukulu umene umachedwa kuzizira pakati. Amayiwa alibe choyezera kutentha. Chimene amachita n'chakuti mphika wa nyemba suchoka pamoto mpaka womaliza atalandira. M'kope amalemba chiwerengero cha odya tsiku lililonse, ndipo amaphika motsatira chiwerengerocho kuti pasatsale mkute. Wogwira chipande sagwira ndalama kapena kope, ndipo mpeni wodulira nkhuku yaiwisi sufika pa kabichi usanatsukidwe.

Zambiri zimene amaphika ndi mphatso za masitolo, zimene masiku ake atsala pang'ono kutha. Ufa, mpunga ndi zam'zitini zosafufuma amalandira ndi manja awiri. Poloni ndi masoseji odya osaphika amakana, ngakhale ana amazikonda. M'zaka za 2017 ndi 2018 matenda a listeriosis anagwira anthu 1,060 ku South Africa, ndipo 216 anamwalira, ambiri mwa iwo makanda. Pa 4 Malichi 2018 nduna ya zaumoyo, a Aaron Motsoaledi, analengeza kuti gwero lake linali poloni wa fakitale ya Enterprise ku Polokwane. Fakitale ina ya kampaniyo, ya ku Germiston komweko, inatsekedwanso, ndipo dziko la Malawi linaletsa kulowetsa nyama zoterezi. Kachilombo ka Listeria kamaswana ngakhale mufiriji, ndipo nyamayo sinunkha kapena kusintha mtundu. Apa mphuno, imene timaidalira kwambiri kumudzi, siithandiza.

Ndinaimirira nthawi yaitali pamzere ndikuona zotengera. Ana amabwera ndi timabigiri ta majarini, ndipo mayi mmodzi amayang'ana m'kati mwa chilichonse asanathiremo. Chidebe chimene chinasungapo mankhwala amachilanda n'kupereka china. Anayamba kutero ana asanu ndi mmodzi atamwalira ku Naledi, ku Soweto, mu Okotobala 2024, chifukwa cha terbufos, mankhwala a kumunda amene anthu ankagula mumsewu pofuna kupha makoswe. Mlimi aliyense wodziwa tameki amvetsa. Makoswe a m'khitchini muno amawatchera misampha basi.

Ndili pamenepo ndinakumbukira kwathu. Nafenso timaphikira khamu: pamaliro, kumkombaphala, m'misasa ngati ya namondwe Freddy mu 2023, chaka chimene kolera inali itapha kale anthu oposa 1,000. Ndipo kunena mosabisa, komiti ikapempha chimanga cha phala la ana, ambiri timapereka cha pansi pa nkhokwe, chofumbwa ndi chachuku. Poizoni wa chuku satha ndi moto. Chimanga chimene vendala angakane kugula timachipereka kwa ana a zaka zitatu, ndipo komiti imachita manyazi kuchibweza chifukwa wopereka ndi mnansi.

Ndinawafunsa mayi aja ngati iwo sachita manyazi pobweza mphatso. "Poyamba ndinkachita," anayankha. "Sitolo ina inakwiya, sinabwerenso. Mwezi wonse tinadya kabichi."

Nthawi itakwana 2 koloko, m'mphika munatsala nyemba zokwana mbale zisanu. Anazigawira ophika kuti adye pomwepo, zikadali zotentha, ndipo ine anandipatsa siponji kuti ndikweche mphikawo.