Galu achoke kapena tichoke ndife, atero alandilodi

Ine ndidakula ndikudziwa kuti ntchito ya galu ndi kuuwa akuba ndi kudya mkute basi. Akalowa m'nyumba, chikuni pamsana. Lero ndine ndikuikira kumbuyo galu m'nyuzi, ndipo manyazi ndilibe.

Kuno ku Geisha ndimakhala ndi achemwali anga ndi mwana wawo wa zaka 8 yemwe amadwala khunyu. Bambo ake adapita ku Joni, makalata adasiya kalekale. Amene mumaidziwa Mzuzu mu June mukudziwa kuti mbaula siizima. Kwa mwana wa matenda akugwa, mbaulayo ndi mdani. Chipsera cha pa mkono wake ndi umboni.

Tiger adabwera yekha ali kagalu, nthiti zili pamtunda. Ndi galu wachikuda, palibe adamuphunzitsa kanthu. Tsiku lina achemwali akuchapa kuseri, adangoona galu akuuwa modabwitsa, kukoka chitenje, kuthamangira kukhomo, kubweranso. Atamutsatira adapeza mwana ali pansi akuphupha, mwendo utatsala pang'ono kugunda makala.

Chiyambire tsikulo wachita zimenezi kambirimbiri. Nthawi zina amayamba kulira ndi kumuzungulira mwanayo asanagwe n'komwe. Sindinama kuti amatero nthawi zonse ayi, masiku ena naye amadzidzimuka ngati ife. Koma mwana akatsitsimuka, ali wofooka, osadziwa komwe ali, amapeza Tiger atagona pambali pake ndipo salira monga kale. Achemwali, omwe adatha zaka akugona ndi diso limodzi, tsopano amapezako tulo.

China chomwe sindidachiyembekeze ndi ichi. Ana a m'dera lino ankamuthawa, ati makolo awo adawauza kuti thovu la wakhunyu limapatsira. Bodza lenileni, khunyu sapatsirana. Lero anawo amabwera kudzasewera ndi galu, ndipo posewera ndi galu asewera ndi mwini wake.

Kunja zimenezi si zachilendo. Ku Germany adatsegula sukulu ya agalu otsogolera asilikali omwe adachita khungu pankhondo mu 1916. Ku South Africa bungwe la agalu otsogolera akhungu lidayamba mu 1953. Galu wotere amaphunzira pafupifupi zaka ziwiri, ndipo alipo ena ophunzitsidwa kuitana anthu mwini wake akagwa. Mu 2019 akatswiri a ku France adapeza kuti agalu ophunzitsidwa amatha kusiyanitsa fungo lomwe thupi limatulutsa munthu akagwa khunyu. Tiger wathu sukulu yake ndi ya pakhonde pompano.

Musandimve molakwa, galu si mankhwala. Mwanayu amamwa phenobarbitone wa kuchipatala tsiku ndi tsiku, ndipo akagwa ndife timachotsa moto, kumugoneka cham'mbali, osamuika supuni kapena chala m'kamwa. Galuyo ntchito yake ndi kutiitana msanga.

Tsono sabata yatha nkhuku ziwiri za alandilodi zidasowa. Nthenga sadazione, wakuba sadamuone, koma mlandu wagwera Tiger. Ndidapita ndi chikalata cha katemera wa chiwewe m'manja, ndidalonjeza tcheni masana, ndidati nkhukuzo ndilipira ngakhale sitidadye ndife.

"Adada, galu ameneyu ndi maso a mwana wodwala," ndidatero.

Adandiyang'ana ngati ndapenga. "Aphwanga, galu ndi galu. Pakutha pa mwezi achoke, apo ayi muchoke ndinu."

Sindikuwada mdalayu. Zaka zitatu zapitazo nanenso ndikadayankha chimodzimodzi. Koma achemwali adanena mawu amodzi okha, kuti adasiyidwa kale ndi mwamuna, sangalole kusiyidwanso ndi yekhayo amene amadzuka mwana akagwa.

Ndiye ngati mukudziwa nyumba ya zipinda ziwiri ku Geisha, Chibavi kapena Mchengautuwa, komwe eni ake sadana ndi galu, tisiyireni uthenga kudzera kwa akonzi. Tatsala ndi masiku 19.