M'bandakucha wa Yolanda ku Guiuan

Abale anga, nkhaniyi ndikamaifotokoza manja amanjenjemerabe, ndiye mundipirire.

Kwathu ndi ku Guiuan, kunsonga kwa chilumba cha Samar ku Philippines. Namondwe amene ena amati Haiyan, ife timati Yolanda, anayambira kwathuko kuwomba pamtunda, m'bandakucha wa pa 8 Novembala 2013. Wailesi inachenjeza ndithu, koma poti anamondwe tinakula nawo, tinangokokera bwato kumtunda n'kukabisala kwa aneba, m'bafa la simenti. Ine, amuna anga, ana, ndi apongozi.

Mdima bii. Makutu kuwawa ngati wina akuwaboola ndi msomali. Denga linapita. Mvula yamchere, yolasa pakhungu. Kamwana kanga kanandikodzera pamiyendo, ndipo ndinathokoza Mulungu pomva kufunda kwa mkodzowo: kali moyo. Kolona ndinaifinya mpaka kamtanda kanandicheka m'dzanja. Tikuoneni Maria sindinaimalize n'kamodzi komwe.

Mphepo itaphwa tinatuluka. Mitengo ya kokonati yothyoka pakati, nyumba yathu kulibe. Belu silinalire, palibe anatiitana, koma tonse, opanda nsapato, okha magazi, miyendo inangotitengera kutchalitchi. Tikanapita kutinso? N'komwe tinabatizidwira, kumangitsa maukwati, kuperekeza maliro a makolo athu.

Tchalitchi chathu cha Immaculate Conception chinamangidwa ndi ansembe a Chijezuiti zaka mazana zapitazo, ndi miyala yochokera m'nyanja, mkati mwake chokongoletsedwa ndi zigoba. Tinachipeza denga litagwera pamabenchi, uli mkati n'kumaona mitambo. Apongozi, amene usiku wonse sanagwetse msozi, apa anakhala pansi m'matope n'kulira mokweza.

Komatu pabwalo pomwepo m'pamene tinawerengana. Uje mwamuona? Ali moyo, wathyoka mwendo chabe. Nanga uje? Anthu zii. Mayi wina, yemwe tinali tisakulankhulana chifukwa cha ngongole, anaswa kokonati wakugwa n'kumwetsa ana anga asanamwe yekha. Pambuyo pake ndege zinayamba kutera ndi mpunga pabwalo la ndege lomwe asilikali a ku America anamanga pankhondo yachiwiri yapadziko lonse, ndipo m'pomwe tinamva za ku Tacloban, kuti nyanja inalowa mumzinda. M'dziko lonse anafa anthu oposa 6,000.

Misa sitinasiye, ngakhale pansi pa lona, mvula ikutidonthera m'khosi. Tchalitchicho anachikonza n'kuchitsegulanso pa 8 Disembala 2019, tsiku la chikondwerero cha Amayi Maria, koma apongozi anali atatisiya kale.