Bulangete la amayi a ku Macanga

Aphunzitsi anzanga ndi inu makolo, ena mwakhala mukufunsa kumene ndinasowera patchuthi chapitachi. Ndinali pa njinga pakati pa Ulongué ndi Furancungo, ndipo kumene ndinkagona kunalibe potchajira foni.

Nditamaliza ku IFP ananditumiza ku sukulu ina ya kumudzi m'boma la Macanga. Nyumba ya mphunzitsi kunalibe. Mayi wina wamasiye anandipatsa kachipinda, nandidyetsa zaka ziwiri, ndipo miyezi yoyamba ija malipiro asanayambe kubwera sanandifunsepo ngakhale metikali imodzi. Chaka chino ndinamva kuti miyendo yawakanika, kudimba sakupitanso. Nditawerenga ndinapeza kuti patha zaka 9 ndisanawaone. Ndinachita manyazi.

Ndikanatha kukwera galimoto mpaka pamsewu waukulu n'kumaliza wapansi. Koma ndinali nditangogula njinga ya magiya, ija ya matayala okhakhala, yogwirapo kale ntchito, ndipo mtima unkafuna kuiyesa m'tinjira ta m'midzi ndi m'mapiri. Ndisaname, kunyada kunalipo.

Ndinanyamula izi: bulangete latsopano, shuga makilogalamu 3, mchere ndi sopo, zonsezi za amayi aja. Zanga zinali zovala zosinthira, nsapato zachiwiri, jekete lolemera, madzi malita 3, pampu, chubu, zigamba, guluu, masipanala ndi tochi. Pamwamba pake ndinaika makope 40 a ana a kalasi yachitatu amene ndinali ndisanachonge. Musaseke, nanunso mumatero. Njinga zamtunduwu zimabwera zopanda kaliyala, choncho ndinamangirira yakale ndi waya. Zimene zinakana kukwana pakaliyala ndinaziponya m'chikwama cha kumsana.

Pamsewu wosalala zonse zinali bwino. Mavuto anayamba titasiyana ndi msewu, phiri la Dómuè lili patsogolo panga, lija lopitirira mamita 2,000. Pachitunda chilichonse tayala lakutsogolo linkanyamuka ngati tonde wofuna kugunda mnzake, chifukwa kulemera konse kunali kumbuyo. Ndikati ndiimirire pamapedulo, tayala lakumbuyo linkaterereka pamiyala ndipo katundu ankagwedezeka uku ndi uku, n'kumakoka njinga yonse. Chikwama chija chinkandikanikiza pachishalo. Pofika masana mapewa anali atachita dzanzi, pokhalira pakuwotcha, malaya ali chinyowere. Kenako ndinamva "thwa!" kumbuyo, patapita kanthawi "thwa!" kachiwiri. Masipoko awiri anali ataduka, tayala layamba kuyenda mokhota n'kumakhula buleki.

Ndili chikhalire pamwala, panatulukira bambo wina wachikulire akukankha njinga yakale yakuda, itasenza thumba la mbatata ya kachewere. Titapatsana moni anayang'ana chikwama changa, nayang'ana kaliyala, n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi njingayi mwaikwera kapena mwaisenza?"

Anaimika njinga yake pamtengo, nandiuza kuti ndimasule zonse ndiyale pansi. Anaziika m'magulu osati monga ndinachitira ine, za amayi pazokha zanga pazokha, koma pozinyamula m'manja kumva kulemera kwake. Zolemera kwambiri, shuga, zitsulo ndi madzi, anazilowetsa mumpata wa pakati pa felemu, uja wa ngodya zitatu, shuga ali pansi penipeni pafupi ndi mapedulo. Anati pamenepo ndiye pamimba pa njinga, katundu akakhala apo matayala onse awiri amagawana. Anandikweza kaye kuti aone ngati mawondo akugunda, kenako anaphwatalitsa mtolowo mpaka unachepa m'mbali. Bulangete, lomwe ndi lalikulu koma lopepuka, analipinda ngati mphasa, nalikulunga m'pulasitiki, n'kulimanga kutsogolo pachiwongolero, atasuntha bwino zingwe za mabuleki kuti zisapanikizike. Pakaliyala panatsala zovala ndi makope. Kumsana anandisiyira foni, ndalama ndi chiphaso basi.

Chingwe changa chasaizalo anachikana. Anati chingwe chimakhwefuka njinga ikamagwedezeka pamiyala, pomwe malegeni, mphira zija timadula kuchubu chakutha, amakoka okha nthawi zonse. Anamasula awiri pathumba lake n'kundipatsa. Madzi anandithiritsa theka. Lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, zimene ndimaphunzitsa ana chaka ndi chaka, koma sindinaganize kuti ndasenza makilogalamu atatu m'dera limene mijigo ndi zitsime zili m'midzi yambiri ya m'njira. Anachotsakonso mpweya pang'ono m'matayala kuti asamadumphe pamiyala, koma anachenjeza kuti ukachotsa wambiri limu imatsina chubu n'kuboola mabowo awiri nthawi imodzi. Ndalama anakana. Dzina lake sindinafunse n'komwe, ndipo zimenezi zikundiwawabe.

Usiku umenewo ndinagona kwa mnzanga amene tinali limodzi ku IFP, yemwe amaphunzitsa kufupi ndi Dómuè. M'mawa wokonza njinga pamsika anandiikira masipoko atsopano n'kuwongola tayala. Makope ndi nsapato zachiwiri ndinasiya kwa mnzangayo. Apa ndiye ndinalakwitsanso. Nditalawa kukoma kwa njinga yopepuka, ndinasiyanso jekete lija.

Tsiku lachiwiri linali lokoma. Njinga inkamvera, potsetsereka sinkandikankha, ndipo pamitsinje iwiri ndinainyamula paphewa n'kuwoloka popanda kumasula kanthu. Koma ndinali nditanyamuka mochedwa chifukwa cha masipoko aja, ndipo penapake ndinatsata njira ya kumadimba m'malo mwa ya kumudzi. Dzuwa linandilowera ndili kutali. Amfumu a mudzi wina anandilandira, anandipatsa nsima ya nyemba ndi mphasa m'kanyumba kophikira, pafupi ndi moto.

Inu a ku Angónia ndi Tsangano mukuidziwa mphepo ya nyengo ino kumtunda kuno. Pakati pa usiku moto unazilala, mano anayamba kugundana. Ndinavala malaya onse amene ndinali nawo, osathandiza. Bulangete linali pomwepo, lili m'pulasitiki yake, mtengo wake ukuonekabe papepala. Ndinalimbana nalo nthawi yaitali. Mphatso ya munthu amene anandisunga zaka ziwiri, ndikaipereke nditafunda kale? Tambala woyamba asanalire ndinang'amba pulasitiki. Ndinasonkhezanso moto, ndipo m'mawa ndinapeza kuti kakhala kamoto kanathethekera pakona n'kuboola kabowo kolowa chala. Bulangete lonse linkanunkha utsi.

Tsiku lachitatu, nditalowa kale m'minda ya fodya ya ku Macanga, ndinaona nyerere zikukwera felemu pamene ndinaima kumwa madzi. Pafelemu pali timabawuti tiwiri tomangirapo botolo. Mitu yake inakhala ikukhula pepala la shuga kuyambira dzana, mpaka inaboola. Pafupifupi kilogalamu yathunthu inathera m'njira. Chidutswa cha chubu chakale kapena kansalu pakati pake chikanateteza, ndipo chubu chakalecho ndinali nacho m'thumba.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Ndinawapeza atakhala pakhonde, atawonda kuposa mmene ndinkaganizira. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Aphunzitsi anga, mwakalamba." Adzukulu anathamangira kukagwira nkhuku. Titatha kulonjerana ndinagwada n'kupereka katundu, ndipo ndinaulula zonse, za shuga wotayika ndi za usiku wa kwa amfumu. Ndinalonjeza kuti ndidzatumiza bulangete lina.

Analitambasula pamiyendo, nalinunkhiza, napeza kabowo kaja n'kulowetsamo chala. "Lina la chiyani? Ili ndalikonda. Akanakhala kuti munafa ndi mphepo m'njira, likanabwera ndi yani?" Anafunda pomwepo dzuwa likadalipo, ndipo masiku awiri amene ndinakhalako sindinawaone atalichotsa pamapewa.

Tsiku lobwerera ndinadzuka m'mamawa, ndikusangalala kuti njinga ikhala yopanda kanthu. Ndinapeza pakhomo pali kathumba ka nyemba, mtedza m'kapulana yomanga mfundo, ndi thadzi lamoyo lomangidwa miyendo. Kukana sikukanatheka. Nyemba ndinazilowetsa pamimba pa njinga, nditayamba ndakulunga timabawuti tija ndi chubu. Mtedza unapita pachiwongolero. Za nkhuku bambo uja sanandiphunzitse, choncho mdzukulu wamkulu anabwereka kadengu kwa anansi, tinakamanga pakaliyala ndi malegeni, mutu wa nkhuku uli kunja. Inalira mpaka ku Dómuè, kumene makope 40 aja ankandidikira osachongedwa.