Zithunzithunzi pa Nsalu Yoyera

Mu Okutobala wa 2024, chaka chija chilala chinatsitsa madzi a m'nyanja ya Kariba mpaka magetsi kumazima pafupifupi tsiku lonse, Sisitere wina wochokera ku Mexico anadzacheza ndi ana anga a katekisimu kuno kwa Nkomeshya. Atawapatsa moni anawafunsa kuti, "Ndani mwa inu amene ali ndi mbale wake womwalira?" Manja onse anakwera. Kenaka anafunsanso, "Dzina lake anali ndani?" Manja ambiri anatsika, ana nayamba kuyang'ana pansi.

Manyazi anagwira ine. Zaka zoposa makumi awiri ndakhala ndikuphunzitsa ana kupempherera mizimu ya ku Puligatoriyo, osazindikira kuti iwo amapempherera anthu opanda mayina. Ndipo sindingawadzudzule. Kwathu mwana safika kumanda. Akafunsa timamuuza kuti agogo anapita kutali, zithunzi timaziika pansi pa sutikesi, ndipo dzina la malemu timalizemba poopa kuliza wamasiye. Timatero chifukwa cha chifundo, komatu mwanayo amakula ali ndi dzenje mumtima limene sadziwa kuti analikumba ndani.

Paja akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Sisitereyo anatifotokozera za kwawo, dziko la Akatolika ochuluka, kumene Amayi Maria anaonekera Juan Diego mu 1531. Kumeneko masiku a 1 ndi 2 Novembala, amene ife timakumbukira Oyera Onse ndi Akhristu onse omwalira, amawatcha Día de Muertos, ndiye kuti tsiku la akufa. Tsiku loyamba amakumbukira ana, lachiwiri akulu. Banja limakonza thebulo m'nyumba n'kuikapo chithunzi cha malemu, makandulo, madzi, mchere, buledi wotsekemera ndi chakudya chimene iye ankakonda. Amamwaza maluwa achikasu kuchokera pakhomo mpaka pathebulopo ngati njira. M'madera ena, monga ku Michoacán, anthu amachezera kumanda usiku wonse, ana ali pomwepo, akumva nkhani za makolo awo. Mwambowu ndi wosakaniza za makolo a kumeneko ndi za Eklezia zimene zinadza ndi anthu a ku Spain, ndipo mu 2008 bungwe la UNESCO linaulemba pa mndandanda umodzi ndi Gule Wamkulu wa Achewa.

Zambiri mwa izi sizinandidabwitse. Ine ndine Mchewa wa kum'mawa wokwatira kwa Asoli, ndinakula ndikuona mowa wa bona, ndipo kuno chaka ndi chaka ndimaona mwambo wa Chakwela Makumbi, pamene Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II imatsogolera anthu ake kupempha mvula potchula makolo. Chachilendo kwa ine chinali chimodzi: iwo ana sawabisira imfa.

Ndiye Sisitere anati ana apange sewero la zithunzithunzi, popeza mdima tinali nawo wokwanira. Zofunika zake n'zosavuta: nsalu yoyera ya pabedi, tochi, makatoni akale a sopo, lumo ndi timitengo tansungwi. Umadula katoni m'maonekedwe a munthu, kuimangirira ku kamtengo, n'kuiyendetsa kuseri kwa nsalu, tochi ikuwala kumbuyo. Ukaiyandikiza ku nsalu chithunzithunzi chimaoneka bwino. Ukaibweza kufupi ndi tochi chimakula ngati chiphona, koma chimachita chimbuuzi. Mwana aliyense anauzidwa kuti adule munthu mmodzi wa kubanja kwawo amene anatisiya.

Apa ndi pamene ndinaona nzeru ya masewerawa. Chithunzithunzi chilibe maso, chilibe khungu, chilibe mtundu wa chitenje. Kuti anthu amzindikire munthuyo, uyenera kudziwa kaimidwe kake, kayendedwe kake ndi chimene sichinkachoka m'manja mwake. Motero ana anabwerera kunyumba ndi mafunso amene sanafunsepo: Kodi agogo aamuna anali aatali? Ankavala chipewa? Amayi ankasenza chiyani? Mayi wina anandiuza kuti anakwiya mwana wake atamufunsa, nakagona osayankha, koma m'mawa anatulutsa yekha chithunzi m'sutikesi.

Si onse anakondwa. Mkulu wina wa mpingo, munthu amene ndimamulemekeza kwambiri, anandipeza pakhomo nati, "A Katekisiti, kodi tsopano mwayamba kuitana mizimu pa tchalitchi?" Sindinawapeputse mawu amenewa. Agogo anga omwe ankanena kuti chithunzithunzi cha munthu si choseweretsa, ndipo tili ana ankatiletsa kuponda cha munthu wamkulu. Pa zinthu ziwiri ndinagwirizana naye mkuluyo, ndipo Sisitere ndinamuuza poyera. Choyamba ndi zigaza ndi mafupa. Ku Mexico amaumba tizigaza ta shuga, ndipo zojambula za José Guadalupe Posada, amene anamwalira mu 1913, zimaseka olemera poonetsa mafupa atavala zapamwamba. Kumeneko n'zoseketsa, kuno chigaza chimanena za mfiti zofukula manda, ndipo mwana angagone osatseka maso. Chachiwiri ndi chakudya. Eklezia saphunzitsa kuti akufa amabwerera kudzadya, choncho thebulo lotere sitinaike.

Koma pa kutchula mayina sindinagonje. Ndinamukumbutsa za Yuda Makabeo, amene m'mutu 12 wa buku lachiwiri la Amakabeo anasonkhetsa ndalama kuti ku Yerusalemu akaperekere nsembe asilikali ake akufa. Ndinamukumbutsanso kuti tsiku la 2 Novembala linafala kuchokera kwa Odilo Woyera, mkulu wa amonke a ku Cluny, zaka pafupifupi chikwi zapitazo. Ngati ubatizo unatilumikiza ndi iwo, imfa siinadule chingwecho. Iye anapukusa mutu nachoka, ndipo mpaka lero sanasinthe maganizo ake.

Bambo Mfumu atatilola, tinachita sewerolo madzulo a Lachisanu, pa 1 Novembala, panja pa tchalitchi. Mwana amatchula dzina la malemu, kuyendetsa chithunzithunzi chake, kunena chinthu chimodzi chimene wamva za iye, ndipo tonse timapempherera munthuyo. Panadutsa nkhalamba ya khasu paphewa, mlonda wa chipewa chachikulu, khanda lili kumsana. Kenaka panabwera kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi kamene mayi ake anamwalira iko kakuyamwa. Kanayendetsa mzimayi wosenza ndowa, mofulumira ndithu. Mwadzidzidzi agogo ake, amene anali asanatchulepo mwana wawoyo pagulu chiikire maliro, anafuula ali pamphasa, "Iyayi mwanawe, amako sankathamanga choncho! Ankayenda monyada, khosi lili chilili." Anadzuka, nazungulira kuseri kwa nsalu, nagwira dzanja la mdzukulu wawo. Tinaona mzimayi wa katoni uja akuyenda pang'onopang'ono, ndipo amayi a m'mudzimo anayamba kuseka kuti ndi yemweyo, ena akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

Titatsala pang'ono kutseka, mnyamata wina anati, "Nanga inu Aphunzitsi, mulibe wanu?" Ndinali naye. Mng'ono wanga anamwalira mu 1996 ndi matenda aja amene masiku amenewo tinkaopa kuwatchula, ndipo pobisa matendawo tinabisa ndi iye yemwe. Ana anga anakula akudziwa kuti ndinabadwa mwamuna ndekha. Ndinapempha lumo, ndinadula munthu wokwera njinga mmene ndinathera, manja akunjenjemera, ndipo ndinatchula dzina lake mokweza kwa nthawi yoyamba patapita zaka 28.

M'mawa mwake, pokadalitsa manda, makolo ena analola ana kubwera nawo, ena anakana. Kamtsikana kaja anakasonyeza pamene panagona mayi ake, ndipo kanathandiza kuzula udzu. Pobwerera kunyumba mkazi wanga anatenga katoni yanga ija, naiyang'ana nthawi yaitali, nati njinga ndinaikhoza, koma ndinaiwala kawailesi kamene mlamu wake ankamangirira ku chiwongolero.