Chimene gemu ya pa kompyuta inandiphunzitsa chaka chomwe Chilwa inaphwa

Anzanga, lero ndikambeko za masewera a pa kompyuta. Ndikudziwa ena mukuseka kale kuti mphunzitsi wa kumudzi kuno, kufupi ndi doko la Kachulu, angadziwe chiyani za zimenezi. Dekhani, mumve kaye.

Mu 2018 nyanja ya Chilwa inaphwa kwambiri, monga inachitiranso mu 1968 ndi 1995. Nyanjayi ndi yosazama ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho mvula ikavuta zaka zingapo dzuwa limangoimwa. Mabwato anangoti mbwee pamatope, anthu n'kumapita ku chilumba cha Chisi wapansi kapena pa njinga. Matemba ndi milamba zitasowa, anyamata amene ankajomba chifukwa cha usodzi anayamba kuonekanso m'kalasi. Mmodzi mwa iwo anali wa Fomu 3, sinditchula dzina lake. Ankakhala kumbuyo, ndipo Chingerezi ankachiona ngati mdani. Ndikamuuza kuti awerenge ndime imodzi, ankangoti, "Aphunzitsi, mutu ukundipweteka."

Ndinali ndi laputopu yakale yomwe ndinkatchaja pa sola. Munali gemu yotchedwa Beneath a Steel Sky, yopangidwa ndi kampani ya ku England ya Revolution Software mu 1994, yomwe eni ake anayamba kuipereka mwaulere mu 2003. Gemu ya mtundu uwu siifuna zala zothamanga ngati ya mpira kapena yowomberana. Umangoloza chinthu ndi mausi n'kudina, munthu wa m'nkhanimo n'kuchitola, kuchiyang'ana kapena kulankhula ndi amene wakumana naye. Nkhani siipita patsogolo pokhapokha utapeza yankho la vuto lomwe lili patsogolo pako.

Lachisanu lina titaweruka ndinawaonetsa anyamata asanu. Nkhani yake ndi ya Robert Foster, yemwe anakulira kuchipululu ku Australia, kenako asilikali anamugwira n'kupita naye kumzinda waukulu osamuuza chifukwa. Mnyamata uja atamva zimenezi anasendeza benchi pafupi. Patapita kanthawi ndinamupeza atatsegula dikishonale yanga, akufufuza mawu amene munthu wina wa mu gemu ananena. Sindinamutume ayi.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikudzifunsa kuti kodi chimawakoka n'chiyani? Mulibe mamalikisi, mulibe ndalama, mulibe mnzako womugonjetsa.

Choyamba chimene ndinaona ndi njala yofuna kudziwa mapeto. Sankafunsa kuti "tawina?" koma ankafunsa kuti, "Nanga amugwiriranji? Bambo ake ndi ndani?" Ndi njala yomweyo imene tinali nayo ife agogo akati "Padangokhala", ife n'kuyankha "Tili tonse". Kusiyana kwake n'kwakuti pa kompyuta nthano imaima, n'kudikira iwe kuti uiyendetse.

Chachiwiri ndi kukoma kopeza yankho ndi mutu wako. Chakumayambiriro kwa gemuyi, Foster amakhala ndi kabolodi kokhala ndi nzeru za loboti yake, Joey, koma thupi lake linawonongeka. Anyamata anazungulira theka la ola. Mnyamata uja ndiye anati, "Tiyeni tikaike m'chitsulo chotayidwa chija." Joey atadzuka n'kuyamba kudandaula za thupi lake latsopano, phokoso linali ngati wina wagoletsa chigoli. Tsiku lina ndinawauza yankho pofuna kuwathandiza, ndipo anandikwiyira. "Aphunzitsi, mwatiwonongera." Ndinakumbuka ndagi za usiku: munthu akakuululira msanga, kukoma konse kumatha.

Chachitatu n'chakuti kulakwa sikunkawachititsa manyazi. Wayesa ichi chakana, uyesa china, palibe wokuseka. Ron Gilbert, amene anatsogolera ntchito yopanga The Secret of Monkey Island mu 1990, anapanga dala gemu yake kuti wosewera asamangofa kapena kutsekeredwa njira chifukwa choyesa chinthu. Mu gemu imeneyo ngakhale ndewu ya malupanga amaipambana ndi mawu: ukagonja umakhala waphunzira yankho latsopano lokagwiritsa ntchito kutsogolo. Mu gemu yathuyi Foster amatha kufa ndithu, koma anyamata ankangoseka n'kuyambiranso pomwe anasungira.

Apa ndiye panandiwawa. M'kalasi mwanga ndinkachita zosiyana ndi zitatu zonsezi. Tikamawerenga buku la Literature ndinkayamba ndi kuwalembera manotsi a nkhani yonse, mapeto omwe, chifukwa MSCE ili pafupi. Yankho ndinkapereka ndisanafunse funso. Wolakwitsa ankasekedwa, nthawi zina ine ndemwe ndikuyambitsa. Ndiye ndinkadabwa chiyani kuti mutu ukumupweteka?

Mu Malichi 2019 kunagwa chimvula, nyanja inadzaza, nsomba zinayamba kubwerera. Ndinadziwa kuti mayeso enieni afika. Mayi ake a mnyamatayo anandiuza mosabisa kuti, "Aphunzitsi, pakhomo palibe bambo. Akapanda kupita kunyanja tidya chiyani?" Ndinalibe choyankha. Gemu siigula ufa.

Anabwereradi kunyanja. Koma Lachisanu lililonse ankatulukira, fungo la nsomba lili thoo, kudzafunsa pomwe anzake afika ndi Foster. Ine nanenso ndinasintha: ndinayamba kusiya nkhani ya m'buku pakatikati, pamene zinthu zafika povuta, n'kuwauza kuti aganize okha zomwe zichitike mawa. Patapita milungu ingapo ndinamuona Lachitatu. Anati wabwera kudzamva ngati anaganiza molondola.

Sindikunena kuti kompyuta ndiyo mankhwala a kujomba. Masukulu ambiri kuno alibe ngakhale magetsi, ndipo ana ena ndinawataya ndithu. Koma ndinasiya kunena kuti ana a kunyanja ndi aulesi powerenga. Mwana amene anakhala maola awiri ndi dikishonale kuti amvetse zomwe loboti yanena si waulesi. Ankangofuna funso loti likhale lake.

Aphunzitsi anzanga, sabata ino tayesani kubisako yankho kwa tsiku limodzi lokha, muone ngati sabwera m'mawa kudzakufunsani.